Wotchi yopanda batire si yakufa: malonda a mawotchi akale afuna diso ndi khutu

Pa benchi ya venda wa mawotchi, malamba ndi magalasi a dzuwa pafika mnyamata. M'thumba watulutsa wotchi yachitsulo, galasi lake lokalikakalika, lamba wothothoka. Akuti waipeza m'sutikesi ya malemu agogo ake. Venda aitembenuza, aitsegula kumbuyo ndi kampeni kuti aike batire, koma malo a batire palibe. M'kati mwangodzaza timawilo ta mano. Aibweza n'kunena kuti ndi yakufa, kapena aigula pa mtengo wa mbale ya tchipisi kuti achotseko lamba.

Tsidya lina la msika womwewo, venda wina wamva kuti mawotchi akale akuyenda malonda. Watenga theka la mpamba wake n'kugula wotchi yonyezimira, yolembedwa dzina lotchuka, kwa munthu wongodutsa. Patatha masiku atatu wotchi ija yaima, wogulitsa uja sakupezekanso pa foni, ndipo mmisiri wati m'kati muli makina ena, osati a dzina lomwe lalembedwa pankhope.

Onse awiriwa aluza. Woyamba wataya katundu yemwe akadamupatsa phindu, wachiwiri wagula chinyengo. Zomwe zikadawapulumutsa ndi zinthu zochepa zomwe wamalonda aliyense angaphunzire ali pa benchi yake.

Mmene imayendera

Mphamvu ya wotchi yopanda batire imachokera ku sipuling'i yaitali yokulungidwa m'kachitini kozungulira. Munthu akapukusa kamutu ka m'mbali mwa wotchi, sipuling'iyo imakungika, kenaka imamasuka pang'onopang'ono n'kumakankha timawilo ta mano mpaka mivi kuyenda. Chomwe chimaletsa kuti isamasuke kamodzin'kamodzi ndi kawilo kena komwe kamangopita uku ndi uku, kogwidwa ndi kasipuling'i kopyapyala ngati tsitsi. Kawilo kameneka ndiye mtima wa wotchi. M'mawotchi ambiri akale kamagunda ka 18 000 pa ola, komwe ndi kasanu pa sekondi, kapena ka 432 000 pa tsiku. Ena amagunda ka 21 600 pa ola, ena ka 28 800.

Mawotchi otere alipo mitundu iwiri. Ina ndi yopukusa ndi zala tsiku ndi tsiku. Ina ndi ya otomatiki, yomwe m'kati ili ndi chitsulo cholemera chooneka ngati theka la mwezi. Wovala akamagwedeza mkono poyenda kapena pogwira ntchito, chitsulocho chimazungulira n'kumakunga sipuling'i. Ikakungika bwino, wotchi yambiri imayenda maola pafupifupi 40 isanaime. Choncho wotchi yomwe yakhala m'sutikesi zaka 20 siingakhale ikuyenda, ngakhale ili yamoyo.

Kuizindikira n'kosavuta. Muvi wa masekondi wa wotchi ya batire umadumpha kamodzi pa sekondi, pomwe wa wotchi ya sipuling'i umayenda mothamanga ndi timasitepe ting'onoting'ono ngati ukutsetsereka. Pankhope ya wotchi ya batire nthawi zambiri pamalembedwa mawu akuti Quartz. Pa ya sipuling'i pamapezeka mawu ngati Automatic, 17 Jewels, 21 Jewels kapena Incabloc.

Chifukwa chake ali ndi msika

Pa 25 December 1969 kampani ya Seiko ya ku Japan idayamba kugulitsa Astron, wotchi yapamkono yoyamba ya quartz, pa mtengo wa 450 000 yen, womwe panthawiyo udali wofanana ndi wa galimoto yaing'ono. Pasanathe zaka zambiri mawotchi a batire adatchipa kwambiri ndipo amasunga nthawi bwino kuposa a sipuling'i. Makampani ambiri a ku Switzerland adatsekedwa, ndipo ogwira ntchito yopanga mawotchi m'dzikolo adatsika kuchoka pa pafupifupi 90 000 mu 1970 kufika pa pafupifupi 30 000 m'zaka za m'ma 1980.

Anthu adataya mawotchi a sipuling'i m'madirowa. Lero ndi omwewo akufunidwa, chifukwa mitundu yambiri idasiya kupangidwa ndipo yotsala ikunka ichepa. Wotchi ya batire yotchipa ikafa makina imangotayidwa, koma ya sipuling'i imaphwasulidwa, kutsukidwa n'kuyambanso kuyenda.

Kuno kwathu mawotchi ambiri otere adalowa pa mikono ya anthu obwera ku Joni ndi ku migodi ndi minda ya ku Zimbabwe ndi Zambia. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100 000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa. Maulendo a Wenela adaimitsidwa mu 1974 ndege yonyamula ogwira ntchito m'migodi itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo a Theba adayambanso mu 1977 n'kutha mu 1988. Munthu wobwera kumeneko ankadziwika ndi njinga, wailesi, jekete ndi wotchi. Njinga zidatha, mawailesi adafa, koma mawotchi ena adakali m'masutikesi m'midzi. Ena amatulukira m'matumba a majekete ndi zikwama za m'mabelo a kaunjika.

Ogula ake ndi a mitundu itatu: achinyamata a m'tauni omwe akonda zovala zachikale, akuluakulu ofuna wotchi yonga yomwe adavalapo kale, ndi osonkhanitsa mawotchi omwe amasakasaka pa Facebook ndi WhatsApp. Msikawu ndi waung'ono. Wotchi imatha kukhala pa benchi miyezi iwiri osapeza mwini, choncho si malonda oikapo mpamba wonse.

Mayina oyenera kuwadziwa

Wofala kwambiri ndi Seiko 5, womwe udayamba kupangidwa mu 1963. Ndi wa otomatiki, umaonetsa tsiku ndi deti, ndipo pa mawotchi ambiri a mtunduwu kamutu kopukusira kali cha pa 4 koloko, osati pa 3. Ubwino wake kwa wamalonda ndi woti adapangidwa ambirimbiri, motero zipangizo zosinthira zimapezeka ndipo amisiri ambiri amawadziwa. Citizen ndi Orient, nawonso a ku Japan, ali m'gulu lomwelo.

HMT ndi ya ku India. Kampaniyi idayamba kupanga mawotchi mu 1961 mothandizana ndi Citizen, ndipo boma la India lidatseka nthambi yake ya mawotchi mu 2016. Mitundu yake yodziwika ndi Janata, Pilot, Sona ndi Kohinoor, yambiri yopukusa ndi zala. Ndi mawotchi olimba koma otsika mtengo. Raketa, Vostok ndi Poljot ndi a ku Soviet Union, ndipo yolembedwa kuti USSR idapangidwa dzikolo lisanagawikane mu 1991.

A ku Switzerland monga Oris, Roamer, West End, Rado ndi Tissot amakhala okwererapo mtengo, koma zipangizo zawo n'zovuta kupeza. Omega ndi Rolex ndi a pamwamba kwambiri. Mu October 2017 Rolex Daytona yomwe idali ya katswiri wa mafilimu Paul Newman idagulitsidwa madola oposa 17 miliyoni ku New York. Nkhani zotere ndi zomwe zimasokoneza mitu ya ogula, ndipo akathyali amazidziwa. Dzina likakhala lalikulu, zabodza zake zimachulukanso. Wamalonda wamng'ono amene wapatsidwa Rolex pa mtengo wa foni ya mabatani aziona ngati yabodza kapena yakuba kufikira katswiri ataitsegula.

Kuyesa ndalama zisanatuluke

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wogula wanzeru sapereka ndalama asanachite zinthu izi, zomwe sizitenga mphindi khumi.

Choyamba ndi kuidzutsa. Ngati ndi yopukusa, aivule pamkono n'kupukusa kamutu pang'onopang'ono. Kazimveka kosalala, kakulirakulira kulimba mpaka kukana. Kakamangozungulira osalimba, sipuling'i idaduka. Kakakhala kolimbiratu koma wotchi osayenda, vuto si kupukusa kwambiri monga ambiri amanenera, koma litsiro ndi mafuta ouma. Ma Seiko 5 ambiri akale sapukusidwa ndi kamutu. Amadzuka akagwedezedwa mofatsa uku ndi uku kwa theka la mphindi, ndipo venda wosadziwa izi amawayesa akufa.

Chachiwiri ndi khutu. Aiike pakhutu pamalo opanda phokoso. Kugunda kwake kuzimveka kofanana, kosadumphadumpha. Kenaka aitembenuze chafufumimba, chagada, ndi cham'mbali. Wotchi yomwe imayenda itagona chagada koma n'kuima ikatembenuzidwa nthawi zambiri imakhala kuti kamsomali ka kawilo ka mtima kadathyoka, ndipo kukonza kwake kumadya ndalama. Pa ya otomatiki, chitsulo cha m'kati chisamveke chikukhula kapena kugogoda chivundikiro.

Chachitatu ndi mivi. Akoke kamutu n'kuzunguza mivi kupita kutsogolo maola 24 athunthu. Mivi isagundane, muvi wa maola uloze pa nambala yeniyeni pamene wa mphindi uli pa 12, ndipo deti isinthe cha pakati pa usiku.

Chachinayi ndi dzimbiri. Madontho a chikasu kapena obiriwira m'mphepete mwa nkhope, dzimbiri pa mivi kapena pa kamutu, ndi nkhungu m'kati mwa galasi, zonsezi zimanena kuti madzi adalowapo. Dzimbiri looneka kunja limakhala laling'ono poyerekeza ndi la m'kati.

Ngati wogulitsa avomera, ndi bwino kuitchera mofanana ndi nthawi ya pa foni n'kuisunga tsiku lathunthu. Wotchi yakale yomwe yatsogola kapena kutsalira ndi theka la mphindi, ngakhale mphindi imodzi pa tsiku, ilibe vuto lalikulu. Yomwe yasiyana ndi mphindi zisanu kapena khumi, kapena yaima maola khumi asanakwane, ikufunika mmisiri, ndipo mtengo wake utsike.

Manambala a kumbuyo sanama

Pa chivundikiro cha kumbuyo kwa Seiko pali manambala omwe amathandiza ponenerera. Pali manambala awiri olumikizidwa ndi kamzere, mwachitsanzo 7009-3040. Anayi oyambawo ndi mtundu wa makina a m'kati, anayi otsatirawo ndi mtundu wa chikombole. Nambala ya makinayi imalembedwanso ndi tizilembo ting'onoting'ono pansi penipeni pa nkhope, pafupi ndi 6 koloko, komanso pa makina enieniwo. Malo atatu onsewa agwirizane. Akasiyana, wotchiyo idalumikizidwa kuchokera ku mawotchi angapo.

Palinso nambala ina, nthawi zambiri ya zilembo zisanu ndi chimodzi. Chilembo choyamba ndi nambala yomaliza ya chaka chomwe wotchi idapangidwa, chachiwiri ndi mwezi. Miyezi ya January mpaka September imalembedwa 1 mpaka 9, pomwe October, November ndi December amalembedwa O, N ndi D. Nambala yoyamba ndi 83 ikutanthauza mwezi wa March m'chaka chothera ndi 8. Kuti munthu adziwe ngati ndi 1978, 1988 kapena 1998, amayang'ana mtundu wa makina.

Apa ndi pomwe bodza limagwidwa. Makina a 7S26, omwe ali m'ma Seiko 5 ambiri, adayamba kupangidwa mu 1996. Wogulitsa amene akulumbira kuti wotchi ya 7S26 idabwera ndi agogo ake pa ndege ya Wenela akunama kapena adanamizidwa. Wotchiyo ikhoza kukhala yabwino ndithu, koma isagulidwe pa mtengo wa yazaka 50.

Chikomekome cha mkuyu

Chinyengo chofala pa mawotchi akale si wotchi yabodza yense, koma yosakaniza. Makina otopa a wotchi ina, chikombole cha ina, ndi nkhope yopentedwa kumene n'kulembedwa dzina lodziwika. Ambiri otere amachokera ku India ndipo pa intaneti amatchedwa Mumbai special. Amakonda kulembedwa Seiko, Citizen, HMT, Oris kapena Fortis, ndipo amakhala a mitundu yowala ngati chikasu, kufiira ndi kubiriwira.

Chizindikiro choyamba ndi kusagwirizana kwa msinkhu. Chikombole chokalika ndi chakutha m'makona, koma nkhope yonyezimira ngati ya dzulo. Chachiwiri ndi zilembo. Za kufakitale zimakhala zopyapyala ndi zowongoka, pomwe zopenta zimakhala zonenepa, zopendekera, nthawi zina zolakwika kalembedwe. Kagalasi kokuzira zinthu, kapena kamera ya foni, kamaonetsa zimenezi. Chachitatu ndi kuchuluka. Munthu amene ali ndi mawotchi khumi akale ofanana ndendende, onse oyera mbee, sadawapeze m'sutikesi ya agogo.

Wotchi yosakaniza ikhoza kugulitsidwa ngati ikuyenda, koma pa mtengo wa wotchi wamba, ndipo kasitomala auzidwe zoona. Kwa osonkhanitsa mawotchi, nkhope yakale yofwifwa pang'ono koma yakeyake ndi yamtengo kuposa yopentedwa mwatsopano.

Mawu akuti Jewels nawonso asasokoneze munthu. Timiyala tofiira ta m'kati mwa wotchi ndi topanga kufakitale, ndipo ntchito yake ndi kuchepetsa kukhulana kwa zitsulo. Tilibe mtengo pa tokha. Wotchi yopukusa yokhala ndi timiyala 17 ndi yokwanira. Woswa wotchi kuti achotse timiyalati wataya wotchi popanda chomwe wapeza.

Chimodzimodzi mtundu wa golide. Mawotchi ambiri achikasu ndi ongokutidwa, ndipo kumbuyo amalembedwa GP, RGP, SGP, 10 Microns, 20 Microns kapena Base Metal. Golide weniweni amakhala ndi chidindo cha 375, 585 kapena 750, kapena 9K, 14K ndi 18K, nthawi zambiri m'kati mwa chivundikiro. Ngakhale zidindozi akathyali amadindanso, choncho popanda woyesa golide, wogula alipire mtengo wa yokutidwa.

Masamu a phindu

Cholakwika cha ambiri ndi kuyambira pa mtengo wogulira. Wamalonda ayambire pa mtengo womwe makasitomala a kudera kwake angalipire, kenaka achotsere zonse.

Mwachitsanzo chabe, ngati wotchi yokonzedwa bwino ingagulitsidwe K80 000, ndipo mmisiri akufuna K20 000 yotsukira, galasi latsopano ndi K6 000, lamba K7 000, thiransipoti ndi mayunitsi K4 000, ndiye kuti K37 000 yapita kale. Wofuna phindu la K20 000 sangagule wotchiyo kuposa K23 000. Akaigula K45 000 chifukwa chotengeka ndi dzina, wawononga K82 000 pa katundu wa K80 000. Mitengo yeniyeni imasiyana msika ndi msika, koma kawerengedwe kake ndi komweko.

Zipangizo za mawotchi zimachokera kunja, ndipo kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023 zinthu zambiri zoitanitsa kunja zidakwera mtengo. N'chifukwa chake mtengo wokonzera uzifunsidwa wotchi isanagulidwe, osati pambuyo pake. Safunsa adadya phula.

Wogula mawotchi angapo osayenda awerengeretu kuti ena sadzauka. Amenewo asatayidwe. Mivi, kamutu, sipuling'i ndi chivundikiro cha wotchi yakufa zimaukitsa inzake ya mtundu womwewo, ndipo amisiri amagula kapena kusinthitsa ndi ntchito. Ichi ndi chifukwa china choyambira ndi mtundu umodzi, monga Seiko 5, m'malo mogula chilichonse chobwera.

Adani a wotchi yakale

Woyamba ndi madzi. Mawu akuti Waterproof kapena Water Resistant adali oona wotchi ili yatsopano. Timalabala totchinga madzi timauma n'kusweka pakapita zaka. Wotchi yakale isavalidwe posamba, pochapa kapena pamvula. M'nyengo ya dzinja katunduyu azisungidwa m'kabokosi kotseka bwino, pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi tomwe timapezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano. Galasi likachita nkhungu m'kati, wotchi ipite kwa mmisiri tsiku lomwelo. Kuikwirira mu mpunga sikuchotsa madzi omwe alowa m'makina.

Wachiwiri ndi maginito. Masipika a wailesi, foni, ndi zotsekera zikwama za amayi zili ndi maginito. Akalowa m'kasipuling'i kopyapyala kaja, timizere take timamatirirana ndipo wotchi imathamanga ndi mphindi zingapo pa tsiku. Venda wogulitsa masipika ndi mawotchi pa benchi imodzi azitalikitse. Vutoli limaoneka lalikulu koma mmisiri wokhala ndi kachipangizo kochotsera maginito amalithetsa m'kanthawi kochepa.

Wachitatu ndi dzuwa ndi fumbi. Kuyanika wotchi pa benchi tsiku lonse m'dzuwa la mu October kumafwifwitsa nkhope ndi kuumitsa mafuta. Mawotchi akale azikhala pamthunzi, m'kabokosi ka galasi, ndipo kamutu kazikhala kokankhidwira m'kati kuti fumbi lisalowe.

Wachinayi ndi kugwa. Kugwera pa simenti kamodzi kokha kumatha kuthyola kamsomali ka mtima. Kasitomala aziyesera wotchi pamwamba pa tebulo loyala nsalu. Wosema miyala, wolima, wokhoma malata ndi wopalasa kabaza m'misewu ya mabampu auzidwe kuti wotchi yotere si ya kuntchito.

Wachisanu ndi dzanja la mwini wake. Wotchi yopukusa izipukusidwa kamodzi pa tsiku, nthawi yofanana, itavulidwa, ndipo kamutu kakalimba munthu alekere pomwepo. Deti isasinthidwe ndi kamutu pamene wotchi ikuonetsa pakati pa 9 koloko usiku ndi 3 koloko m'bandakucha, chifukwa nthawi imeneyo timano tosinthira deti timakhala titalumana kale ndipo timathyoka. Njira yabwino ndi kuyamba waika mivi pa 6 koloko, kusintha deti, kenaka kutchera nthawi.

Mafuta a mashini osokera, palafini, petulo ndi mafuta opopera a m'kachitini asalowe m'wotchi. Amaidzutsa kwa masiku ochepa, kenaka amamata kasipuling'i ndi kuononga nkhope. Wotchi imafuna mafuta akeake, timadontho tochepa kuposa mutu wa singano, pa malo oyenera okha.

Poyeretsa kunja, kansalu kofewa ndi mswachi wouma n'zokwanira. Magalasi a mawotchi ambiri akale ndi apulasitiki, ndipo timikwingwirima tating'ono timachepa popukuta mofatsa ndi kamankhwala kotsukira mano pa kansalu. Chikombole chisakhulidwe ndi sandipepa kapena mashini, chifukwa makona akatha mtengo umatsika, ndipo pa yokutidwa golide mtundu umachokeratu.

Chenjezo pa utoto wowala usiku

Mawotchi ambiri opangidwa zaka za m'ma 1960 zisanafike, ndi ena a m'zaka zomwezo, adapakidwa utoto wa radium pa mivi ndi manambala kuti aziwala mumdima. Radium ndi woopsa akalowa m'thupi. Ku America, m'zaka za m'ma 1920, amayi omwe ankapenta nkhope za mawotchi n'kumasongola burashi ndi milomo adadwala ndipo ambiri adamwalira. Utotowu umasiya kuwala pakapita zaka, koma mphamvu yake siitha, chifukwa radium amatenga zaka pafupifupi 1 600 kuti achepe ndi theka.

Wotchi yakale kwambiri yokhala ndi utoto wachikasu kapena wofiirira womwe ukufumbutuka pa mivi isatsegulidwe pa benchi, isapalidwe ndipo isauziridwe ndi pakamwa. Ikhale m'kapepala kapulasitiki kotseka, kutali ndi ana ndi zakudya, ndipo woigwira asambe m'manja. Mawotchi a ku Switzerland olembedwa chilembo T m'mbali mwa mawu akuti Swiss Made ali ndi tritium, yemwe adalowa m'malo mwa radium ndipo mphamvu yake ndi yochepa kwambiri, komabe fumbi lake lisapumidwe.

Kusankha mmisiri

Malondawa amaima pa mmisiri. Si aliyense wosintha mabatire pakhonde la sitolo amene angakonze wotchi ya sipuling'i. Kutsuka kwenikweni ndi kuphwasula makina onse, kutsuka kachipangizo kalikonse, kubwezeretsa n'kuthira mafuta. Ntchito imeneyi imatenga maola, ndipo wotchi imafunika kuyesedwa tsiku limodzi kapena awiri isanabwezedwe. Wonena kuti watsuka m'mphindi 15 wangoviika makina m'mafuta. Wotchi yovalidwa tsiku ndi tsiku imafunika kutsukidwa pakatha zaka pafupifupi zisanu.

Woyamba kumene amuyese mmisiri ndi wotchi yotchipa. Asanaisiye, aijambule ndi foni kutsogolo, kumbuyo ndi m'kati mmisiriyo atatsegula, alembe manambala ake, agwirizane mtengo, ndipo apemphe kuti zipangizo zonse zochotsedwa zibwezedwe. Zithunzizo zimateteza onse awiri pakabuka mkangano. Amisiri odziwa ntchitoyi ambiri ndi akuluakulu ndipo akuchepa. Venda amene wapeza mmodzi amusunge pomulipira nthawi yake.

Katundu wakuba ndi dzina la wamalonda

Wotchi ndi chinthu chosavuta kuba. Kulandira katundu wakuba ndi mlandu pa malamulo a dziko lino, ndipo wopezeka naye amataya katundu, ndalama, mwinanso ufulu. Wogula kwa munthu wosamudziwa alembe m'kabuku dzina lake, nambala ya chiphaso cha unzika, nambala ya foni, tsiku, mtengo ndi manambala a wotchi. Wokana kuonetsa chiphaso, kapena wofulumira kulandira mtengo uliwonse, asiyidwe apite. Wotchi ya malemu nayo ili ndi eni ake. Mwana wobwera ndi wotchi ya agogo afunsidwe ngati akuluakulu a pabanja akudziwa, chifukwa mawa amalume ake adzafika pa benchi.

Pogulitsa, kasitomala apatsidwe lisiti yolembedwa mtundu wa wotchi, manambala ake, zomwe zidasinthidwa, ndi masiku omwe angaibweze ikaima. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula omwe anamizidwa pa katundu, ndipo kugulitsa wotchi yosakaniza ngati yeniyeni ndi kunamiza. Ogulitsa pa intaneti ajambule zithunzi pa kuwala kwa masana, aonetse ndi zilema zomwe, ndipo asatumize katundu asanaone ndalama mu akaunti yawo, chifukwa mauthenga abodza oti ndalama zalowa ndi ofala.

Kasitomala watsopano aphunzitsidwe asanachoke pa benchi: kapukusidwe, nthawi yosasinthira deti, ndi zoti wotchi ya otomatiki ikagona masiku awiri osavalidwa imaima koma siinafe. Mphindi ziwiri zimenezi zimachepetsa obwera mawa lake ndi mkwiyo kudzafuna ndalama zawo. Ogula mawotchi akale ndi ochepa ndipo amadziwana. Venda amene wagulitsa wotchi imodzi yoona, n'kunena zilema zake poyera, ndi amene amaimbiridwa foni wina akafuna yachiwiri.